Mzere Wodutsa Pansi pa Khitchini

Ntchito yanga inali yoika timipira pansi pa nthaka. Ndikanena choncho anthu amaseka, ndipo kuofesi anachita kundipatsa dzina loti Namipira. Koma ndi mmene zinalili. Chivomezi chikachitika, makina amene tinakwirira m'malo osiyanasiyana amalemba mmene nthaka yagwedezekera: apa inayamba n'kukankhira m'mwamba, apo inayamba n'kukokera pansi. Ine ndinkatenga manambala amenewo n'kuwalowetsa mu kompyuta, pulogalamu n'kundijambulira kampira kogawidwa panayi, mbali ziwiri zakuda, ziwiri zoyera. Chivomezi chimodzi, kampira kamodzi. Kenako ndinkakaika m'chithunzi cha kunsi kwa dziko, chimene umatha kuchitembenuza ndi mausi ngati dzungu, n'kumaona miyala ya pansi kuchokera pamwamba, m'mbali, kulikonse kumene wafuna.

Kampirako kali ndi nkhanza imodzi. Pamene mbali zakuda zakumana ndi zoyera pamadutsa mizere iwiri yopingasana. Umodzi ndiwo mng'alu weniweni umene mwala wathyokera. Winawo ndi mthunzi chabe. Ndipo kampirako sikakuuza kuti weniweni ndi uti. Umasankha wekha.

Madzulo amene ndikunenawa linali Lachinayi. Panali patadutsa masiku khumi ndi awiri chichitikireni chivomezi chachikulu kudera lina la nyumba zatsopano, m'munsi mwa phiri, ulendo wa maola awiri pa minibasi kuchokera kuofesi kwathu. Makoma anang'aluka, madenga ena anapendekeka, ndipo anthu onse a m'misewu itatu anawasamutsa n'kukawaika m'matenti pabwalo la sukulu. Mwa anthu amenewo munali mng'ono wanga, mwamuna wake amene ndi kalipentala, ndi ana awo awiri. Nyumba yawo anaimanga zaka zisanu ndi ziwiri, njerwa imodzi imodzi. Anali atagonamo miyezi isanu yokha.

Funso limene aliyense ankadikira linali pa tebulo langa. Mzere umodzi wa kampira ka chivomezicho unkalowera kuphiri, kumene kuli miyala ndi anyani okha. Mzere winawo unkakwera kuchokera pansi n'kudzatulukira pa nyumbazo. Ukakhala woyambawo, anthu abwerere kwawo. Ukakhala wachiwiriwo, nyumba zonsezo aziiwale.

Abwana athu chilichonse amachifuna mawa m'mawa, mpaka tinawatcha a Mawammawa. Tsiku limenelo anaima pakhomo la ofesi yanga, chikwama chili kale m'manja.

"Mayi Namipira, lipoti ndilipeze pa tebulo langa mawa m'mawa. Foni yanga sikupuma."

Atangochoka, nayonso yanga inalira. Anali mng'ono wanga.

"Achemwali, mwafika pati ndi mipira yanuyo?"

"Ndimaliza usiku uno."

"Mumalize bwino. Wamng'onoyu chifuwa chamugwira, mutenti muno mumazizira ngati mufiriji. Sukulu yonse munapita ija mukulephera kutiuza kuti tizipita kwathu?"

"Iwe, nthaka si mwana woti ungamufunse kuti wanyambita shuga ndani."

Anaseka. Kenako mawu ake anatsika. "Tatopa, achemwali. Tatopa zedi."

Cha m'ma seveni koloko alonda anakwera kudzandiuza kuti akutseka geti. Ndi bambo achikulire, oyenda ndi kawailesi m'thumba la jasi. "Mukafuna kutuluka mundikuwire, amayi. Kiyi ali ndi ine." Anatsika. Ndinamva unyolo ukulira pageti, kenako kunangoti zii.

Ofesi yanga inali kumapeto kwa kolido. Munali tebulo lalitali, masikirini awiri, kabati ya mapu, ketulo yopanda chivindikiro, ndi getsi lalitali lija limangophethira ngati lili ndi chitsotso m'diso. Ndinavula juzi, ndinateleka madzi a tiyi, n'kuyamba ntchito.

Njira yosankhira mzere ndi iyi. Chivomezi chachikulu chimasiya ana, tizivomezi ting'onoting'ono tobwera m'mbuyo mwake. Anawo amakonda kundanda pa mng'alu weniweni, monga nyerere zimachitira pakhoma. Ine ndinali nawo makumi anayi, aliyense ndi kampira kake. Nditamaliza kuika komaliza ndinayang'ana chithunzicho kuchokera pamwamba. Tonse tinali kutali pansi, ndipo tinkatsata mzere wolowera kuphiri. Ndinapuma mpweya wautali. Ndisaname, ndinkafuna kuti zikhale choncho. Ndinatsegula lipoti n'kulemba kuti mng'alu walowera kuphiri, ndipo anthu angathe kubwerera. Ndinaganiza zomuimbira mng'ono wanga, koma ndinati ndimusiye agone, amve m'mawa.

Ndipamene wina anagogoda.

Katatu. Go, go, go. Sanagogode pakati pa chitseko pamene munthu woimirira amagogoda. Anagogoda mmunsi, pafupi ndi simenti.

"Lowani, alonda," ndinatero.

Palibe analowa. Getsi linaphethira. Madzi m'ketulo anali atasiya kulira.

Go, go, go.

Ndinadzuka ndili wokwiya pang'ono, chifukwa ine munthu wogogoda osanena odi sindimukonda. Ndinatsegula.

Panaima bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, atavala kabudula yekha. Thupi lonse linali matope otuwa, kuyambira kumutu mpaka kuzala za kumapazi. Matope aawisi. Mvula inali isanagwe kwa miyezi isanu. M'chiuno mwake munali chingwe chachikulu chomangidwa mfundo ziwiri, ndipo chingwecho chinkabwerera m'mbuyo mwake, kudutsa kolido yonse, n'kukazimirira mumdima cha kumasitepe. Sichinali chogona pansi. Chinali chokungika, ngati kuti wina wachigwira kumapeto.

Fungo lake linandifika. Linali la madzi okhalitsa pansi, ozizira.

"Ndinu mayi oyeza pansi?" anafunsa. Mawu ake anali aulemu, otopa.

"Alonda akulolani bwanji kulowa?"

"Sindinadzere kugeti."

Ndinafuna kukuwa. Mantha nthawi zina amamuchititsa munthu ulemu wopusa. Ine ndinapatuka pakhomo n'kumulozera mpando.

"Ayi mayi, ndingadetse."

Analowa pang'onopang'ono, chingwe chikumutsata. Anaima kumbuyo kwa mpando wanga n'kuyang'ana sikirini ali duu. Sankaphethira. Ndinakhala pampandopo.

"Izi ndi ziti?"

Ndinamufotokozera ngati mmene ndimawafotokozera ana a sukulu akabwera kudzaona ofesi. Ndinati kampira kalikonse ndi pamene nthaka inagwedezeka.

"Mwaziika pati?"

"Makilomita khumi pansi."

Anapukusa mutu. Dontho la matope linagwera pa tebulo, pafupi ndi dzanja langa.

"Ayi mayi. Si kutali chonchi. Ine ndimazimva zikamadutsa. Zimamveka ngati munthu akuyenda kuseri kwa khoma."



"Tembenuzani," anatero. "Inu mukuonera pamwamba ngati khwangwala."

Ndinagwira mausi. Ndinakoka chithunzicho, nthaka n'kupendekeka mpaka ndinayamba kuionera m'mbali, ngati keke yodulidwa.

Timipira tonse makumi anayi tinali pa msinkhu umodzi. Palibe kokwera, palibe kotsika. Tinawongoka ngati chingwe cha mmisiri womanga nyumba. Nthaka sichita zimenezo. Nthaka ilibe rula.

Ndinatsegula ndandanda wa manambala n'kupita pa kuya kwake. Khumi. Khumi. Khumi. Mpaka pansi, khumi yekhayekha.

Aliyense wa ntchito yathu amadziwa chinthu chimenechi. Pulogalamu ikalephera kupeza kuya kwa chivomezi, siinena kuti yalephera. Imangolemba makilomita khumi kuti mzere usakhale wopanda kanthu. Kudera lija tinali ndi makina anayi, ndipo amodzi anali atafa batire kalekale, moti atatu otsalawo sankaikwanira pulogalamuyo. Zimenezi ndimaphunzitsa anthu atsopano sabata yawo yoyamba. Koma kwa masiku khumi ndi awiri ndinkayang'ana manambala amenewo osawaona. Pulogalamu yonse ija anaibweretsa kuti tizitembenuza nthaka, ine osatembenuza, chifukwa kuchokera pamwamba yankho linkandikomera.

Ndinachotsa khumi uja n'kuiuza kompyuta kuti iyesetse kupeza kuya kwake ndi makina atatu omwewo. Inayamba kulira. Bamboyo anali chiimire. Ndinkamva kuzizira kwake pakhosi panga.

Timipira tinayamba kukwera. Kamodzi, kenako kena, kenako tambiri, ngati thovu m'madzi owira. Makilomita asanu ndi awiri. Asanu. Atatu. Awiri. Titaima, tinali titandanda motsetsereka ngati masitepe, ndipo tonse tinali pa mzere wachiwiri uja. Pamwamba pa chithunzicho ndinali nditajambulapo timabokosi toimira nyumba. Ndinatsata mzerewo ndi maso mpaka pamene unatulukira. Msewu wapakati, nyumba yachitatu kuchokera kumapeto. Nyumba imeneyo makatani ake ndinasoka ndine.

"Mwaona," anatero bamboyo. Sanali kufunsa.

Chingwe chinagwedezeka m'chiuno mwake, ngati wina wachikoka kawiri.

"Bwerani mudzagwire nokha. Za pagalasi anthu sakhulupirira."

Musandifunse chifukwa chake ndinadzuka. Ndadzifunsa ndekha mpaka kutopa. Foni ndinaisiya pa tebulo, chikwama pa mpando. Ndinamutsatira mu kolido, iye patsogolo, chingwe chikufupika chokha.

Kunsi kwa nyumba ya ofesi yathu kuli kachipinda kamene tinaikamo makina amodzi oyesera, pa simenti. Masitepe otsikira kumeneko ndi khumi ndi imodzi. Ndawatsika zaka zisanu ndi zinayi, ndimawadziwa ngakhale nditatsinzina. Tinatsika. Ndinkawerenga mumtima. Zisanu ndi zinayi. Khumi. Khumi ndi imodzi.

Phazi langa linapeza ina.

Ndinaima. Kutsogolo kunali mdima wa bii.

"Gwirani chingwe, mayi."

Ndinagwira. Chinali chonyowa, chokhakhala. Tinapitirira kutsika. Ndinafika pa makumi atatu, kenako makumi asanu, kenako ndinasiya kuwerenga. Khoma limene ndinkapapasa ndi dzanja lamanzere linasiya kukhala la penti. Linakhala dothi, kenako mwala wonyowa. Masitepe anatha, kunatsala kutsetsereka kokha. Nsapato imodzi inavuka, sindinaifune. Matope anafika m'mawondo, kenako m'chiuno. Bamboyo sindinkamuona. Ndinkangomva mapazi ake. Mpweya wopuma unali wanga wokha.

Kenako ndinamva phokoso. Poyamba linali ngati munthu akukukuta mano ali m'tulo. Tikuyandikira linakula, ngati wina akukoka bedi lolemera m'chipinda choyandikana nacho, kukoka pang'ono, kupuma, kukokanso.

Dzanja lozizira linagwira langa n'kuliika pamwala. Panali msoko, wowongoka, wolowa chala chimodzi. Anaika chala changa chachikulu mbali iyi, zina zinayi mbali inayo.

"Dikirani."

Ndinadikira. Phokoso lija linabweranso. Pansi pa dzanja langa, mbali imodzi ya mwalawo inakwera pang'ono, inayo n'kutsala. Pang'ono chabe, ngati kukhuthala kwa chikhadabo. Mwalawo unali wofunda.

Zaka zonse za ntchito yanga, mng'alu unali mzere wofiira pa sikirini. Ndinayamba kulira ngati mwana.

"Uwu ndiwo," anatero. "Pamwamba pathu pano ndi pakhitchini ya abale anu."

Kutali, pamwamba penipeni, tambala analira.

"Mukawauze, mayi. Ine ndayesa. Sakundimva."

Chingwe chinathothoka m'manja mwanga mwamphamvu, chikutentha zikhato.

Chotsatira chimene ndikukumbukira ndi kukuwa kwa mzimayi.

Kunali kukucha. Ndinali nditakhala pa mulu wa dothi, kuseri kwa nyumba ina, miyendo ili lende m'dzenje lokwiririka. Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndinaona makatani aja pawindo. Ndinali kuseri kwa nyumba ya mng'ono wanga, ulendo wa maola awiri kuchokera kuofesi, nsapato imodzi, matope mpaka m'chiuno, zikhato zili magazi. Amayi awiri amene anazemba apolisi olondera misewuyo kuti adzatenge mapoto awo ndiwo anandipeza. Mmodzi anaponya poto n'kuliyatsa liwiro. Posakhalitsa anthu a kumatenti anali atadzaza msewu.

Palibe anandiyandikira. Anaima patali, akuloza ndi milomo. Mng'ono wanga yekha ndiye anadutsa pakati pawo, n'kuvula nsalu yake, kundifunditsa.

"Achemwali, mwabwera bwanji kuno?"

"Musabwerere m'nyumbamu," ndinatero. "Ndi mzere wachiwiri. Ndaugwira ndi dzanja."

"Khalani chete kaye. Anthu akumva."

Ndipamene ndinaona chingwe. Chinamangidwa ku mtengo wa mpanda, n'kulowa m'dothi pafupi ndi mwendo wanga, chokungika.

Nkhani yake ndinaimva masana omwewo, ndili gone mutenti, amayi akunong'onezana kunja poganiza kuti ndagona. Alamu anga ndi anzawo oyandikana nawo anaitana munthu wokumba zitsime. Anali pansi, atafika pamadzi, pamene chivomezi chinabwera. Chitsime chinamutsekera. Anthu anakumba masiku awiri, koma nthaka ikagwedezeka dothi linkabwerera, ndipo tsiku lachitatu apolisi anawaletsa. Chingwe anachisiya chifukwa panalibe wolimba mtima wochidula. Ine ndinkadziwa kuti kunafa munthu mmodzi. Ndinalemba ndekha pa tsamba loyamba la lipoti. Sindinafunse kuti anali ndani, kapena anafera pati.

Za ine anali nazo zambiri. Ena ankati ndinagwa ndikuuluka. Ena ankati munthu wa m'chitsime uja akufuna woti akhale naye, ndipo wayamba ndi banja limene linamuitana. Ena, achifundo, ankangoti kompyuta yandiphika ubongo.

Lolemba ndinapita kuofesi zikhato zili m'mabandeji. Alonda atandiona anachotsa chipewa n'kubwerera m'mbuyo. Analumbira pamaso pa abwana kuti geti sanatsegule, kiyi anagona m'thumba mwawo. Foni ndi chikwama changa anazipeza pamene ndinazisiya. Mu kolido munalibe ngakhale dontho limodzi la matope. Kachipinda ka pansi kanali bwinobwino, masitepe khumi ndi imodzi, kenako simenti.

Chithunzi chinali chikadali pa sikirini, timipira tili pa mzere wachiwiri. A Mawammawa anakoka mpando n'kukhala pambali panga. Sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanandikalipira.

"Mayi, ndaona zimene mwachita. Mwamasula kuya."

"Khumi uja ndi wabodza, bwana. Mukudziwa."

"Ndikudziwa. Koma nanunso mukudziwa kuti ndi makina atatu, mukamasula kuya, timipira timapita kumene tafuna. Lero tapita uku, mawa musinthe nambala imodzi tipita uko."

Ankanena zoona. M'mabuku athu zili choncho, ndipo ine ndikanakhala pampando wawo ndikananena zomwezo.

"Tikonze makina achinayi," ndinatero. "Tidikire masabata awiri okha."

"Anthu mazana asanu ndi limodzi ali pabwalo la sukulu. Zimbudzi zinayi. Matenda otsegula m'mimba ayamba kale, mvula ili pafupi. Pamwamba pa phiri paoneka ming'alu yatsopano, m'misewu mulibe. Ine ndili ndi umboni umenewo." Anayang'ana mabandeji anga. "Inu muli ndi uti? Ndikawauze akuluakulu kuti wakuuzani ndani?"



Anatenga mausi n'kubwezera khumi uja. Ndinaona timipira tikumira kamodzikamodzi, mpaka tonse tinagonanso pa msinkhu umodzi. Lipoti analisayina okha. Ine anandipatsa kalata yoti ndikapume mpaka dokotala adzanene kuti ndili bwino.

Sindinakhale chete. Ndinalemba makalata, ndinapita m'maofesi atatu ndi chithunzi chosindikiza. Kulikonse ankandilandira bwino, kundipatsa mpando ndi madzi akumwa. Kulikonse anali atamva kale za mayi amene anapezeka pachitsime m'bandakucha ndi nsapato imodzi. Ankayang'ana kumapazi kwanga ndisanayambe n'kulankhula komwe.

Loweruka lotsatira anthu anabwerera m'nyumba zawo, akuimba. Matenti anapasulidwa tsiku lomwelo. Ndinapita kukapempha ana.

"Alamu, ndipatseni anawa okha. Akakhale kwa ine mwezi umodzi."

Alamu anali akumata mng'alu wa pabalaza ndi simenti. Sanacheuke.

"Alamu, ine ndimakulemekezani. Koma ana anga akakhale ndi munthu woyenda usiku osadziwa kumene akupita? Boma lanena kuti tili bwino. Ofesi yanu yomwe."

"Chakudza sichiimba ng'oma, alamu."

"Ndiye inu ng'omayo mwaimva kuti?"

Mng'ono wanga anali pakhomo la kukhitchini, akupukuta mbale imodzi yomweyo.

Ndinabwerera kwanga, ndinagona masiku awiri osatseka maso. Tsiku lachitatu ndinalongedza chikwama. Popeza ndinalephera kuwatulutsa, ndinaganiza zolowamo ine. Alamu anavomera msanga. Kwa iwo zinali zosunga wodwala, ndipo anthu anawayamikira kuti ndi munthu wa mtima wabwino.

Tsopano ndatha miyezi iwiri m'nyumba muno. Ndimagona pabalaza, pamphasa, nsapato zili kumapazi, kiyi ali pachitseko. Ana amanditcha amayi aakulu a nsapato. Masana ndimawathandiza masamu. Chitsime chija anachithira simenti pamwamba, chingwe anachidulira momwemo, ndipo alamu anaikapo benchi yopalira matabwa.

Sabata yachiwiri chitseko cha kukhitchini chinayamba kukhula pansi. Alamu anachichotsa n'kuchipala mmunsi.

"Matabwa atupa ndi chinyontho," anatero, akuyang'ana ine.

Mvula inali isanagwebe. Patatha masiku khumi chinayambanso kukhula. Anachipalanso, n'kunena kuti mahinjesi a masiku ano ndi achabechabe. Kachitatu sananene kanthu. Anachipala m'mamawa, ife tisanadzuke, mapalapala ake n'kukawataya kutali. Pano mbali imodzi mphaka amadutsa pansi pake, koma mbali inayo ikukhulabe simenti. Kwa oyandikana nafe galasi la windo linasweka lokha masana, kuli bata. Kutsidya kwa msewu mpope wa madzi waduka kawiri pamalo amodzi. Aliyense ali ndi chifukwa chake, ndipo zifukwazo n'zomveka.

Usiku wathawu mng'ono wanga anatuluka kuchipinda n'kudzakhala m'mphepete mwa mphasa yanga.

"Achemwali, muli maso?"

"Ndili maso."



"Ine ndikudziwa kuti simunapenge."

Ndinadzuka n'kukhala tsonga. Miyezi iwiri ndinkadikira mawu amenewo. Ndinkaganiza kuti ndikadzawamva ndidzasangalala. Ndinangomva kuzizira.

"Nawonso bambo a anawa akudziwa," anapitiriza. "Sagona. Amangoyang'ana kudenga mpaka kucha."

"Ndiye tiyeni tichoke. Mawa lomwe lino."

"Tipite kuti? Matenti anachotsa. Pepala linanena kuti tili bwino, ndani angatipatse malo? Ntchito yawo ili pano. Moyo wathu wonse uli m'njerwa izi."

"Ana okha, iwe. Ndikupempha."

"Akavomera za ana ndiye kuti avomera zonse. Sangathe, achemwali. Ndayesa. Amangotuluka panja."

Anagona pambali panga, msana wake kukhudza wanga, ngati kale tili ana. Ndinkamva akupuma. Kuchipinda mwana wamng'ono uja anatsokomola kawiri n'kukhala chete.

"Tipangane chinthu chimodzi," ananong'ona. "Inu tulo mulibe. Mukangomva chayamba, mundidzutse. Ine ndikatenga wamng'onoyo, inu mutenge wamkulu. Chitseko chili pomwepa. Tikhoza kutuluka, eti?"

Masamu amenewo ndinawachita kale, usiku woyamba umene ndinagona muno. Chivomezi cha makilomita awiri pansi pa nyumba sichipatsa munthu nthawi. Kuchokera pamene wamva kugunda koyamba kufika pamene makoma ayamba kugwa, sipadutsa ngakhale sekondi imodzi.

"Tikhoza," ndinatero.

Ndinamufunditsa bulangete langa, ndipo posakhalitsa anagona.